Ndani Ankaba Nsanja za Mzinda Wanga

Abale, manjawo asungeni kaye, mumve zonse, mwina simudzafunanso kuwaomba. Ndine Aliki Tembo, wa kuno ku Linda, komboni ya mu Livingstone muno. Makolo anga anachokera ku Katete, n'chifukwa chake ana a m'tauni muno amati Chinyanja changa n'cha m'Baibulo. Mowa ndinasiya, koma kukayikira anthu sindinasiyiretu. Polowa muno ndaona abambo awiri pakhomo paja akuseka, mtima wanga n'kuti, "Akuseka iwe." Ndangokhala pansi, wina watulutsa foni, mtima n'kuti, "Akukujambula." Matenda anga enieni ndi amenewo, mowa unkangowathirira.

Ena mukundidziwa chifukwa cha sewero la pa TV lija, Mzinda wa Pamwamba. Amene simunalionepo musachite manyazi, muli ambiri zedi. Analiyambitsa ndi ba Mubita, mnzanga wa ku Mongu, amene ankajambula maukwati ndi maliro mpaka kamera inamukola. Tsiku lina anandipeza ku Maramba Market ndili pamakwerero, ndikulemba chikwangwani cha bucha, chifukwa ntchito yanga ndi ya penti ndi burashi.

"Ba Tembo," anatero, "nifuna tauni ya kusogolo, ya bazukulu ba bazukulu batu. Mungaipange?"

Ndinavomera ndisanatsike n'komwe.

Mzindawo unali Livingstone yomweyi, koma itamangidwa m'mwamba, pamwamba pa phompho la mathithi. Sabata iliyonse inali ndi nkhani yakeyake ndi anthu akeake, chosasintha unali mzinda wokha. Ina inali ya minibasi zouluka, kondakitala akukuwabe mutu uli pawindo. Ina inali ya nyali za mumsewu zimene zinkamva zonong'ona za anthu n'kukaziulula. Ina inali ya mayi amene anazindikira kuti mwamuna wake amusinthanitsa ndi makina, chifukwa anayamba kufika kunyumba nthawi yabwino. Osewera anali omwewo, ndiye anthu ankasokonezeka, munthu wafa sabata yatha, lero ndi dokotala. Apongozi anga anati zimenezo n'zaufiti, n'kutuluka panja.

Koma mzinda wonse umene munkauonawo unali patebulo, pabalaza panga. Ndinaumanga ndi makatoni, masipoko a njinga ndi zam'mimba mwa mawailesi akufa. Nsanja zake anali mabotolo opanda kanthu. Ndinkawapaka penti ya siliva n'kujambulapo timawindo ndi kaburashi kakang'ono, usana wonse, mpaka maso kuyabwa. Ba Mubita akayandikiza kamera, mkazi wanga Mutinta n'kuika ketulo yowira pansi pa tebulo kuti nthunzi ikwere, iwe! Unkachita kuiwala kuti ndi botolo la sosi. Pafupifupi nsanja iliyonse ndinaipatsa dzina, iyi Chipatala, iyi Khoti, iyi Banki. Ndikadutsa mumsika anthu ankati, "Ni uja wa tauni." Ndinkayenda ngati ndameza mpini.

Sewerolo silinafike ndi pakati pomwe. Ankalionetsa pa kasiteshoni kena kakang'ono, nthawi yomweyo imene magetsi ankazima m'makomboni mwathu. Mwini sitolo amene ankatithandiza anafunsa makasitomala ake, n'kupeza kuti ambiri anangomva mbiri, ndiye anatukula manja. Pamalo pathu anaikapo makwaya. Ba Mubita anabwera kudzandiuza kuti zatha, ataimirira, chipewa chili m'manja. "Yasila, mwana. Tinayesako."

Iye anabwerera ku maukwati ake. Ine ndinakana kukhulupirira. Chinthu chokongola chonchi chingafe chifukwa cha magetsi? Ndinati ayi, pali munthu. Poti munthuyo sindinkamuona, ndinapita kukamufunafuna m'botolo. Ndinayamba ndi Loweruka, kenako Lachisanu, kenako tsiku lililonse lokhala ndi dzuwa. Mowa wa m'bala unandikwerera mtengo, ndinatsikira ku kachasu. Zikwangwani ndinkalemba mokhota, wabucha uja anandithamangitsa nditamulembera dzina la sitolo ya mnzake. Mutinta amagulitsa kapenta ndi nyemba pamsika, ndipo nyumba yonse inatsamira pa tebulo lake. Mwana wathu Luyando, amene anali giredi folo nthawi imeneyo, anaphunzira kuyenda monyang'ama ndikagona masana.

Ndiye nsanja zinayamba kusowa.

M'mawa wina ndinavundukula chitenje chimene ndinkafunditsa mzinda, Banki palibe, pangotsala chipsera cha guluu. Patapita masiku, Khoti palibe. Ndinafunsa Mutinta. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Atate ake Luyando, simuziba zoona?" Ine ndinamva ngati akundinyoza. Ndinayamba kutchera misampha. Ndinawaza ufa pansi kuzungulira tebulo. Mawa lake munali mapazi, a nsapato zanga. Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinati, "Ehe! Wakubayo wavala nsapato zanga kuti andipusitse, nanga amadziwa pokhala nsapato zanga ndani?" Ndinagula loko, ndinakhoma pabalaza, kiyi ndinamangirira m'khosi. Chipatala chinasowa. Ndinati wandivula ndili m'tulo. M'zikhadabo mwanga munkakhala tizinyenyeswa ta siliva, ine ndinkati n'chifukwa chofufuza.

Mukuseka, sekani, nanenso lero ndimaseka. Koma ena muno mukudziwa mmene zimakomera. Kukayikira kumatsekemera kuposa kachasu, chifukwa kumakusandutsa wapolisi m'nyumba imene ndiwe wakuba.

Chotsala chinali kupeza amene akulandira katunduyo. Tsiku lina ndinaona ba Mubita ataima pa tebulo la Mutinta pamsika, akugula kapenta, akucheza m'Chitonga chimene ine ndimangomva mitu yake. Anaseka onse awiri. Basi, mlandu unatha m'mutu mwanga. Akusamutsa mzinda wanga kamodzikamodzi kupita ku Lusaka, akayambirenso sewero popanda ine. Ndipo mkazi amene angabere mwamuna wake chifukwa cha mwamuna wina, wayamba liti? Ndinayamba kuwerengera chammbuyo. Ndinakumbukira kuti ba Mubita ndiye anajambula ukwati wathu. Ndinkamuyang'ana Luyando akudya, ndikufufuza mphuno, ndikufufuza chipumi. Mwanayo ankati, "Adadi, n'chani?" Ine, "Idya."

Ndinaitanitsa akuluakulu. Tinakhala Lamulungu m'mawa kwa apongozi ku Maramba, pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe anga ali pambali panga atavala jekete. Anandinong'oneza kuti ndilankhule zamabotolo zokha, mwaulemu. Ndinayamba ndi mabotolo. Apongozi anafunsa modekha ngati ndasonkhanitsa anthu achikulire chifukwa cha mabotolo opanda kanthu, wina kumbuyo n'kuseka. Kusekako kunandiyatsa. Ndinaimirira, pamaso pa apongozi, n'kunena kuti, "Mwana wanuyu ndi wakuba, ndipo amayenda ndi Mubita. Ngakhale Luyando uja si wanga, mukam'patse mwini wake."

Ankhoswe anga anagwira kumutu. Nditatembenuka ndinaona Luyando ataima pakona ya nyumba, beseni la mbale lili m'manja, madzi akudontha m'zigongono. Anali atamva zonse.

Mutinta sanalire. Anangofunsa kuti, "Mwasiliza?" Apongozi anaimirira pang'onopang'ono n'kunena kuti Bina Luyando, ndi mmene amamutchulira Mutinta kwawo, akhala pomwepo ndi mwana, ine ndipite ndikalondere mabotolo anga. Ndinabwerera ku Linda ndikudzimva ngati ngwazi. Mawuwo sanatsale pansi pa mango paja, anayenda Maramba yense. Kusukulu anzake anayamba kumutcha Luyando mwana wa kamera.

Nsanja zinapitiriza kusowa, m'nyumba ndili ndekha. Ndinati anadulitsa kiyi.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndabwera kudzakuuzani. Unali m'mawa, ndisanalawe kanthu chifukwa m'thumba munali mbee, manja akunjenjemera. Ndinapita pa siteshoni ya minibasi pafupi ndi msika kuti mwina ndipeza wondigulira. Ndiye ndinaona kondakitala wina, bambo wandevu zake, atatsamira minibasi, akumwa m'botolo la siliva. Timawindo tanga tili mbuu padzuwa. Khoti! Ndinamugwira malaya.

"Wakuba iwe! Wakupatsa ndani? Mubita?"

"Mubita wa kuti, mudala? Nisiyeni! Nagula kuli ba Namakau. Aya mabotolo ni abwino, munthu saona vili mukati, bakamba ati ni tiyi."

Ndinati anditengere komweko. Mtima unkagunda ndi chimwemwe, abale, chimwemwe chenicheni. Ndinkati lero ndagwira umboni, ndikawauza apongozi aja adye mawu awo. Tinadutsa kuseri kwa msika, tinakhota m'tinjira ta Maramba timene ndikanalumbira kuti sindinapondemo, koma miyendo yanga inkadziwa podumpha ngalande ndisanaione. Tinalowa pageti ya malata. Pabwalo panali amuna angapo atakhala pamakreti, ndipo pawindo la kanyumba panali mzinda wanga, nsanja zitandandalikidwa, iliyonse ili ndi chivindikiro.

Mayi wamkulu thupi anatuluka akupukuta manja pachitenje. Sindinkamudziwa. Iye anamwetulira ngati waona mbale wake.

"Ba Tembo! Lelo mwacelela, m'mamawa muno. Manje mwabwela manja-manja?"

"Mayi, mumandidziwira kuti? Zinthu izi anakubweretserani ndani?"

Anayang'ana amuna aja, onse n'kuphulika kuseka. "Ni imwe! Masana alionse mumabwela mwakolewa kudala na mowa, botolo mu jekete. Nimakupasani kapu imozi pa botolo imozi. Mumayamba mwatiuza na zina yake."

Wina pakreti anakweza dzanja, "Ba Namakau, niikileni mu Chipatala!" Wina, "Ine mu Banki!"

Mukuganiza kuti ndinagwada pomwepo? Simukumudziwa Aliki. Mutu wanga unathamanga kufuna pothawira. Mainawo ba Mubita ankawadziwa, Mutinta ankawadziwa. Ndinaloza mayiyo chala. "Akulipirani. Akuphunzitsani zonena. Nonsenu muli pamodzi."

Kumwetulira kunachoka. Ba Namakau analowa m'nyumba, ndinamva akusuntha zinthu, kenako anatuluka ndi botolo limodzi lalitali, lopyapyala, alikulunga m'nsalu. Inali nsanja ya pakati penipeni pa mzinda, yaitali kuposa zonse. Pa sewero inalibe dzina. Pawindo lake lapamwamba ndinajambulapo kadontho kofiira, kochepa ngati njere ya mapira, koti kamera sinkakaona. Kanali kamtsikana kovala diresi yofiira. Sindinauzepo munthu, ngakhale Mutinta. Ndinkasunga kuti ndidzamuonetse mwiniwake sewero likadzatha bwino.

"Iyi sininaikemo mowa," anatero ba Namakau. "Munalila maningi siku ija. Munakamba ati iyi ni nyumba ya Luyando, mwana wanu, akakula azankala pamwamba penipeni. Munationesa na ka diresi. Munakamba ati ali na makutu monga yanu, yoimilila. Mwasiliza kulila, mwanipasa, mwamwa kapu yanu." Anandiika botololo m'manja. "Tengani. Naine nili na bana."

Ndinakhala pakreti. Pabwalo ponse panalibenso woseka. Ndinayang'ana kadontho kofiira kaja, ndinayang'ana zikhadabo zanga. Sindinakumbukire chilichonse, mpaka lero sindikumbukira, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa kwambiri. Panali munthu wina amene ankavala nsapato zanga, ankatsegula loko wanga, ankadziwa njira za ku Maramba, ndipo munthu ameneyo, chidakwa chogulitsa nyumba ya mwana wake ndi kapu imodzi, ankadziwa kuti mwanayo ndi wake. Amene anamukana ndi ine wa m'mawa, wosamba, wovala malaya oyera pamaso pa apongozi. Ndinachita manyazi oti ndinalakalaka nthaka ing'ambike.

Ba Namakau anaona manja anga akugwedeza botolo, anandithirira pang'ono kuti akhazikike. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakana. Ndinamwa. Koma inali yomaliza, ndipo sindinaimve kukoma.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndi zimene ndingakupatseni, chifukwa nzeru zina ndilibe. Mawa lake ndinapita kwa ankhoswe anga, amene anali atasiya kundiyankha moni, ndinawauza kuti andiperekeze kukiliniki chifukwa ndekha ndikakhotera kumsika. Musasiye mowa muli nokha m'nyumba ngati thupi linazolowera kachasu, n'zoopsa. Ine ndinanjenjemera, ndinatuluka thukuta, ndinaona nyerere pakhoma loyera. Anesi anandipatsa mankhwala ndipo anandilozera mlangizi, mayi wina wosachedwa kupsa mtima ngati ine. Ndinkamukayikira nayenso, ndinkati zimene akumvazo akukauza apongozi. Ndinamuuza maso ndi maso. Anati, "Chabwino, bwerani mudzandikayikirenso Lachiwiri." Ndinapita.

Ndinasintha njira. Kumsika sindinkapita ndekha, ndipo masana, nthawi imene ndinkasowa ija, ndinkakhala pamalo oti anthu akundiona. Ndinapempha wabucha uja kuti ndikonze chikwangwani chake chaulere, anavomera ataima pansi pa makwerero kuwerenga chilembo chilichonse. Mzinda wotsalawo ndinauphwasula ndekha, loko ndinapatsa aneba akhomere khola la nkhuku. Ndipo ndinadziikira lamulo limene ndikulitsatirabe. Mtima ukandiuza kuti wakutiwakuti wandichita chakuti, ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndadzifunsa kuti, iwe unali kuti, ndipo unali bwanji? Kenako ndimakauza munthu mmodzi wosamwa zimene ndikuganizazo, mokweza. Zambiri zimafera pomwepo, chifukwa zikatuluka m'kamwa zimamveka kupusa kwake.

Kwa ba Mubita ndinapita. Anandisiya ndilankhule mpaka kumapeto akupukuta galasi la kamera. Anati kapenta uja ankagula wambiri dala, podziwa kuti kwathu sikulowa ndalama, ndipo chimene ankaseka tsiku lija ndi nkhani ya ketulo. "Nakukhululukilani, ba Tembo," anatero, "koma pa nyumba panga musabwele. Mukazi wanga anamvela vonse." Sindinatsutse. Mnzanga ameneyo ndinamutaya, ndipo zimandiwawa.

Kwa apongozi ndinapita ndi ankhoswe, ndi nkhuku, ndinakhala pansi padothi. Mutinta anatuluka, anakhala pampando. Ndinafotokoza za ba Namakau ngati ndikubweretsa nkhani yatsopano. Anandidula.

"Ninali kuziba. Ninakuonani na maso yanga, masana, mukuthyola Banki. Luyando naye anakuonani."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ninakuuzani kabili. Munakamba ati nabamba boza kuti nibise vanga. Munaibala na ivo. Va mabotolo nilibe navo nchito. Va ine na ba Mubita, Mulungu aziba. Koma mwana munamukana pa bantu. Muzamuvomela pa bantu, osati kamozi, paliponse pamene mukamba nkani yanu. Nikamvela ati mwajumpa iyo mbali, mwakamba chabe va mowa, ninshi mukali wa boza."

Iye tsopano ndi amene amandikayikira, ndipo ali ndi chifukwa. Ndikamuperekeza kumsika amandinunkhiza mochenjera, amayang'ana mmene ndikupondera. Kunyumba ku Linda sanabwerere. Akuti aona. Lero ali muno, kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, musatembenuke chonde, sakonda. Wabwera kudzamva ngati ndidumphe.

Sindidumpha. Amake Luyando sanabe kanthu kanga, ndipo sanayende ndi mwamuna aliyense. Ndinanama ndine. Luyando ndi mwana wanga, magazi anga, makutu angawa mukuwaonawa. Amene muli ndi ana kusukulu ya ku Maramba, kawauzeni kuti mwamva kwa bambo ake.

Inu amene mwakhala muno mukuwerengera chammbuyo, mukufufuza foni ya akazi anu, mukuyang'ana mphuno za ana anu, ndikukupemphani, mawu amenewo musawatulutse. Mowa umachoka m'thupi, ine ndine mboni. Mutinta mwina adzabwera, mwina ayi. Koma mwana uja ndimakamuona Loweruka lililonse kwa agogo ake. Amandilandira bwino, amagwada, amandibweretsera madzi m'kapu yoyera. Botolo lake lija ndinamupatsa, ndinamuonetsa kadiresi kofiira, analandira ndi manja awiri. Anati, "Zikomo, ba Tembo."

Kuyambira tsiku la pansi pa mango lija, ndi mmene amanditchulira. Ndimayankha.